Tsiku Limene Anandiletsa Kutsuka Chilonda cha Felesiya

Ntchito yosamalira odwala m'makomo ndinaimva kutchalitchi, pa nthawi ya zolengeza. N'kuti zipani zambiri zitangoyamba kumene, ndipo m'midzi ya kwa Malemia sabata sinkatha osamva kulira kwa maliro. Kuchipatala mabedi anali odzaza, ndiye odwala ambiri ankangouzidwa kuti azikapumira kunyumba. Mkulu wa mpingo anaimirira n'kunena kuti kwabwera bungwe lina lofuna anthu ongodzipereka, oti aziyendera odwala oterowo. Anati malipiro palibe, koma kuzikhala sopo mwezi ndi mwezi, ndipo njinga zili m'njira.

Ine ndinali ndi khanda, Tiyamike, ndipo bambo ake anali ku Nchalo kodula nzimbe. Sukulu ndinalekera sitandade seveni. Sindinama, chimene chinandikwezetsa dzanja ndi sopoyo. Amene anachapapo matewera ndi madzi okhaokha akundimvetsa.

Anatiphunzitsira m'kalasi ina ya pulaimale, ana ali pa holide. Wotiyang'anira anali a Likoswe, bambo wochepa thupi, waulemu, woyenda pa njinga yamoto. Anatigawa awiriawiri, ndipo awiri alionse anapatsidwa chikwama chimodzi cha buluu. M'chikwamamo munali magolovesi, thonje, mabandeji, sopo, panado, vaselini, kabotolo ka jiki, pulasitiki yoyala pamphasa, ndi mankhwala opaka pachilonda aja ooneka ngati inki, amene timati jiivi.

Ntchito yaikulu inali zilonda za ogona. Munthu akagona mbali imodzi nthawi yaitali pamphasa, fupa la m'chiuno limaboola khungu. Umawiritsa madzi, kuthiramo kamchere, n'kuwasiya kuti akhale ofunda. Umatsuka kuyambira pakati pa chilonda kupita kunja, thonje lililonse kamodzi kokha, osalibwezanso m'mbale. Ukaumitsa umapaka jiivi, kuphimba, kenako kumutembenuza wodwalayo n'kupinda chitenje kuika pansi pake kuti fupa lisagunde pouma. Nsalu zoipitsidwa umaziviika kaye m'madzi a jiki usanachape. Si ntchito yovuta kumva. Kuvuta kwake n'kwakuti imafuna munthu abwerenso mawa, ndi mkuja.

Mnzanga woyenda naye anali a Nangondo, mayi wamasiye, wachikulire ndithu, wofwenkha fodya ndiponso wosasunga mawu m'kamwa. Kulemba sankadziwa. Tinkakangana kawirikawiri chifukwa ankakonda kubwereza thonje, ati ndikuwononga katundu. Koma mphamvu anali nazo, ndipo fungo silinkawabweza. Ine ndinkatsuka, iwo ankanyamula ndi kutembenuza, uku akuwakalipira achibale a wodwala kuti asese m'nyumba.

Miyezi yoyamba zinthu zinayenda. Kenako zinayamba kutha chimodzichimodzi. Njinga zija sitinazione. Sopo anabwera kangapo n'kuleka, ndipo tikafunsa a Likoswe ankangoti opereka thandizo akunja sanatumizebe gawo lachiwiri la ndalama. Magolovesi tinayamba kuwachapa, kuwayanika pa chingwe ngati tizovala ta mwana, n'kuwavalanso. Atang'ambika onse tinkavala mapepala a shuga, kumanga pamkono ndi kamphira. Thonje litachepa tinkang'amba zitenje zakale n'kuziwiritsa.

Anthu nawo anayamba kuchoka. Amene anali ndi mapepala a sekondale anakalowa uphunzitsi, chifukwa sukulu yaulere inkafuna aphunzitsi paliponse. Amuna anapita koyang'ana maganyu. Sindiwanena, munthu sungasiye ana ako ndi njala n'kumakasambitsa eni ake chaka chonse. Koma aliyense akachoka, midzi yake inkagwera otsala. Ine ndi a Nangondo tinayamba ndi midzi yoyandikana nafe, pomaliza tinkafika mpaka cha kufupi ndi Malosa wapansi, Tiyamike ali kumsana.

Ndiye kunabwera lamulo. Akuti kudera lina munthu wina anapezeka akugulitsa panado wa m'chikwama pamsika. Akuluakulu a zaumoyo analamula kuti chikwama chizikhala ndi munthu yekhayo amene walemba mayeso n'kulandira setifiketi, kuti wina aliyense asagwire za m'katimo, ndiponso kuti tisasiye kanthu m'nyumba ya wodwala, ngakhale bandeji. Ine mayesowo ndinakhoza. A Nangondo anakhala pa desiki atagwira pensulo ngati mpini, n'kubweza pepala lili loyera. A Likoswe powauza kuti aime kaye, maso anali pansi.

"Chilondacho chimafunsa kuti walemba chiyani?" anatero a Nangondo.

"Si ine, mayi. Ndi lamulo."

"Chabwino. Lamulolo lizikawanyamula odwalawo."

Anafwenkha fodya wawo n'kutuluka. Kuyambira pamenepo ndinatsala ndekha.

Mwa odwala anga onse, amene ankandidya mtima anali Felesiya. Tinaphunzira limodzi, iye ndiye ankandibera mango anga m'chikwama. Anakwatiwa ku Ndirande, mwamuna wake n'kumwalira, iye n'kubwerera kwa amayi ake atatha ngati nkhuni. Dzina la matendawo palibe ankalitchula, tinkangoti akudwala nthawi yaitali. Amayi ake, a Naphiri, ankamukonda koopsa, koma maso awo anali ndi ng'ala. Phala ankaphika, kuchapa ankachapa, koma chilonda cha m'chiuno mwa mwana wawo sankachiona, ankangochimva fungo. Chinali chachikulu ngati chikhatho changa. Ndinalimbana nacho mpaka m'mbali munayamba kufiira bwino. Felesiya ankaluma nsalu ndikamatsuka, akamasula n'kunena kuti, "Iwe, manja akowa ndi a kumunda. Anakupatsa setifiketi ndani?"

Pano ndifotokoze chinthu chimene pa maphunziro aja palibe anachitchula, ngakhale tonse tinkachidziwa. Kwathu kuno munthu amene akukhala malo amodzi ndi mwamuna wake amatchedwa wotentha. Wotentha sagwira wodwala wa zilonda, ndipo sathira mchere m'chimene wodwalayo adye, kuopa kumusempha. Akuti wosemphedwa amatupa miyendo, kutsokomola, chilonda n'kukula. Amayi okalamba amasiye ndi ozizira. Mayi wa khanda nayenso ndi wozizira mpaka atachita mwambo wotenga mwana, pamene iye ndi bambo amabwererana kumphasa. Ine miyezi yonseyo ndinkaganiza kuti makomo akunditsekukira chifukwa cha chikwama cha buluu. Ayi ndithu. Ankatseguka chifukwa mudzi wonse unkadziwa kuti bambo a Tiyamike ali ku Nchalo.

Nzimbe zitatha, mvula itayamba, bambo anabwera. Akuluakulu anatilangiza ndipo tinatenga mwana. Nkhani zoterezi m'mudzi sizilengezedwa, anthu amangoona mmene ukusekera pachitsime.

Sabata imeneyo mtsinje wa Domasi unadzaza ndipo sindinathe kuwoloka masiku angapo. Madzi atatsika ndinalawirira kwa Felesiya. Ndinapeza a Naphiri atakhala pakhomo penipeni, miyendo atatambasula, ngati munthu amene wakhala akudikira.

"Mwadzuka bwanji, amayi?"

"Tadzuka, amake Tiya. Tamva kuti alendo anafika."

"Anafika. Wagona bwanji mnzangayu?"

"Sanagone. Koma inu lero muthere pomwepo."

Ndinaganiza kuti akuseka. Ndinatsitsa chikwama n'kufunsa ngati pamoto pali madzi. Fungo linali likutuluka pakhomopo, lija limakuuza kuti nsalu yamatirira ndipo pansi pake pali mafinya.

"Mwana wanga," anatero, "mwatithandiza, sitikukana. Koma mwatentha. Ndiye muthire mchere ndi dzanja limenelo, mukaike pachilonda chosapola? Mukufuna ndiike maliro mawa?"

Ndinawauza kuti mchere wake si wodya, ndi wotsukira. Anati mchere ndi mchere. Ndinati ndivala mapepala m'manja, sindimukhudza ndi khungu langa. Anati kutentha sikuima pa pepala la shuga. Ndinati chabwino, mchere athire okha, ine ndingotsuka. Anapukusa mutu. Ndinagwada n'kuwafotokozera pang'onopang'ono kuti chilonda chikagona ndi mafinya chimalowa m'kati mpaka pafupa, thupi n'kutentha, ndipo zikafika pamenepo chikwama changa sichingathandizenso.

"Ndamva. Komabe ana anga awiri ndinaika kale. Uyu sindimusemphetsa ndikuona."

M'katimo Felesiya anatsokomola, kenako anaitana ndi kamawu kakang'ono. "Amama, mlekeni alowe. Kutentha kwakeko ndi kwa masiku angati? Aja a ku Nchalo abwera atatopa."

Sindinathe kuseka. A Naphiri nawonso sanaseke. Anangoti, "Muitaneni a Nangondo. Aja ndiye manja awo timawadziwa. Kapena auzeni bambo azigona pabalaza, mudzabwere mwezi ukaoneka."

Mwezi ukaoneka! Ndinanyamula chikwama, mtima ukuwawa mpaka m'makutu.

Ndinapita kwa a Likoswe, ku kachipinda kamene bungwe linkachita lendi cha ku misika ya kumsewu. Njinga yawo yamoto inali yotsamira khoma, matayala atazungulidwa ndi udzu. Inali itakhala choncho kuyambira mafuta atasiya kubwera. Ndinawafotokozera zonse, ndi manyazi omwe, chifukwa nkhani ya kumphasa suyikamba ndi bambo wa eni ake. Ndinapempha chinthu chimodzi: andilole kuwapatsa a Nangondo chikwama, pa khomo limodzi lokhalo.

Anavula magalasi n'kupukuta nkhope. "Amake Tiya, zimenezo n'zikhulupiriro chabe. Bwererani mukawaphunzitse."

"Ndawaphunzitsa m'mawa wonse, bambo. Akhala pakhomo."

"Mawa angasinthe."

"Chilonda sichidikira mawa."

"Ndikudziwa. Koma oyendera ntchito a zaumoyo akamva kuti chikwama chagwidwa ndi munthu wopanda setifiketi, atitsekera. Ndiye si Felesiya yekha, ndi midzi yonse." Kenako anati, "Inenso kunyumba kwanga akundifunsa kuti ntchito yanji yosalandira. Ndilibe munthu wina woti ndikutumizireni. Onse amasiye ndi achikulire anagwa mayeso aja."

Pamenepo ndi pamene ndinaona bwinobwino msampha umene tinalimo. Lamulo linasiya atsikana odziwa kulemba, ndipo atsikana odziwa kulemba ndi omwe ali pabanja. Amene makomo ankawalola kugwira wodwala ndi omwe lamulo linawachotsa. Ndinabereka mwana bwino. Ndinatsanzika mwaulemu n'kutuluka.

A Nangondo ndinawapeza m'munda mwa mphunzitsi wina, akupalira ganyu. Inali nthawi ija nkhokwe zili mbee, ndipo ganyuyo anali wolipidwa madeya akamaliza ndime. Dzuwa linali litatuluka pambuyo pa mvula, nthaka ikufuka. Anandiona ndikubwera koma sanaweramuke.

"Anamwino afika," anatero. "Mwasochera?"

Ndinawauza za Felesiya. Anapalira mzere wonse n'kubwerera.

"Pitani mukawatenge a Likoswe. Akamate setifiketi pachilondapo."

"Ndachokera komweko."

"Ndiye ati chiyani?"

"Akana."

"Ehe. Ndiye mukufuna ine, mbuli, ndisiye madeya anga, zidzukulu zanga zigone ndi njala, ndikagwire ntchito imene anandithamangitsa? Sopo wake uti?"

Zimene ankanenazo zinali zoona. Tiyamike anayamba kulira kumsana. Ndinakhala pa mzere n'kumuyamwitsa, uku ndikuyang'ana ndime yotsalayo. Inali yaitali ndithu, udzu wake wa dawe wolimba. Mwana atakhuta ndinamubereka, ndinavula chikwama n'kuchiika pamapazi pawo, kenako ndinagwira mpini wa khasu lawo.

"Ndipatseni. Ndime ndimaliza ine."

Anayang'ana chikwamacho. "Mudziwa kuti akuchotsani?"

"Madzi muwiritse kaye. Nsaluyo yamatirira, musaikoke, muinyowetse mpaka ichoke yokha. Ndipo thonje kamodzi, a Nangondo. Kamodzi."

"Mwayambanso," anatero, koma khasu analisiya.

Anapukuta manja pa chitenje, anasenza chikwama pamutu n'kuuyamba. Ine ndinawerama. Tsiku limenelo ndinapalira munda wa munthu amene sindinkamudziwa n'komwe, setifiketi yanga ili kunyumba m'sutikesi. Ndinapalira ndikulira, osati chifukwa cha chisoni koma ukali, ndipo sindinkadziwa woti ndimukwiyire. A Naphiri ankateteza mwana wawo. A Likoswe ankateteza midzi. A Nangondo ankateteza zidzukulu. Ndinangokwiyira udzu.

Dzuwa litapendeka ndinamaliza, ndinalandira madeya aja n'kukawatula kwa a Nangondo, kenako ndinapita kwa Felesiya. Sindinalowe. Ndinaima kuseri, pa kawindo kotchinga ndi chiguduli. Nsalu zochapidwa zinali pa chingwe, ndipo fungo lija linali litachepa. A Nangondo anatuluka n'kundiuza kuti chilonda chinali chitadya m'kati, mnofu wina wakuda, koma fupa silinaoneke. Anati Felesiya anakomoka kamodzi pochotsa nsalu.

"Thonje?" ndinafunsa.

"Latha. Si munati kamodzi?"

Felesiya anandimva. "Uli panja ngati mfiti bwanji?"

"Amayi ako andikana."

"Ndamva wapalira munda wa aphunzitsi. Ndinakuuza kuti manja akowo ndi a kumunda."

Nkhani sinachedwe kumveka. A Nangondo anadutsa pakati pa msika chikwama cha buluu chili pamutu, akupatsa moni aliyense, kuti onse aone kuti abwerera pa ntchito. Sabata yotsatira a Likoswe anabwera wapansi kunyumba kwanga. Anakana mpando. Anati nkhaniyo yafika kwa akuluakulu ndipo awauza kuti atenge chikwamacho. Ndinakachitenga m'nyumba n'kuwapatsa. Atachikoleka paphewa anayenda pang'ono, n'kutembenuka.

"Mukanangochibisa m'dengu," anatero.

Chikwamacho sanachipereke kwa wina, chifukwa panalibe wina. Chinakakhala mu kachipinda kaja pamodzi ndi njinga yamoto. Chaka chotsatira bungwelo linatseka, osati chifukwa cha ine kapena oyendera, koma chifukwa gawo lachiwiri lija silinabwere. Odwala anga ena ndinkawayenderabe chimanjamanja, ena anandikana ngati a Naphiri, ena sanasamale za kutentha. Makomo sali chimodzimodzi.

Kwa Felesiya tinapitiriza popanda jiivi, popanda thonje. Ine ndinkang'amba zitenje n'kuziwiritsa, a Naphiri ankathira mchere, a Nangondo ankatsuka, ine ndili pakhonde ndikufunsa kuti chikuoneka bwanji lero. Masiku amene anali ndi ganyu ndinkawapalirira. Bambo a Tiyamike anadandaula kuti munda wathu ukumera thengo, ndipo sankanama, chaka chimenecho tinakolola zochepa. Felesiya anamwalira chimanga chisanakhwime. Chinamutenga ndi chifuwa. Amayi osambitsa maliro anati chilonda anachipeza choyera, chitayamba kutseka m'mbali. Ine sindinachionenso ndi maso anga kuchokera sabata ija mtsinje unadzaza.

Kuyambira nthawi imeneyo ndasamalira odwala ambiri, ena achibale, ena a eni ake, nthawi zina pansi pa mabungwe amene amabwera ndi malaya olembedwa n'kupita pakatha zaka zingapo. Za tsempho sinditsutsana nazonso pakhomo la munthu amene mwana wake akufa, chifukwa pamenepo palibe amamva. Ndikafika pakhomo latsopano, ndisanatsegule chikwama, ndimakhala pansi ndi mwini nyumba n'kufunsa kuti m'banjamo ndani amaloledwa kugwira wodwalayo, ine nditadwala, nditachoka kapena nditakanidwa. Akandilozera, kaya ndi nkhalamba yosaona bwino, kaya sadziwa kulemba dzina lake, ndimamuitana tsiku loyamba lomwelo, ndimagwira dzanja lake n'kuliika pa nsalu yonyowa, n'kumuuza kuti ayambire pakati.